Tileke Kunena Kuti "Bola Uthenga Wafika"

Chaka chatha, kutatsala masiku awiri kuti mwezi wa Ramadhan uoneke, mwana wa mchemwali wanga anabwera kunyumba ndi pepala la nthawi za Swala limene ankagawa pakhomo la mzikiti itatha Jumu'ah. Linali pepala lonyezimira, lochita kuonekeratu kuti ladya ndalama. Pakati pake panali chithunzi cha Ka'bah, ndipo manambala a mwezi wonse anawalemba pamwamba pa chithunzicho ndi zilembo zoyera, zazing'ono ngati maso a usipa. Dzina la amene analipira linali pamwamba m'zilembo zoti munthu n'kuziwerenga ali m'bwato. Bambo anga, amene apitirira zaka 70, analitenga, nalitalikitsa, nalibweretsa pafupi ndi mphuno, kenako anafunsa kuti: "Kodi ili alembera ife kapena alembera okhawo a maso a mphamba?" Kuyambira tsiku limenelo ankadzutsa mdzukulu wawo usiku kuti awawerengere. Tsiku lina mwanayo, tulo tili m'maso, anaphonya ndandanda wa Fajr n'kuwerenga wa kutuluka kwa dzuwa, ndipo adhana inawapeza bambo nsima ili m'manja.

Nditakumana ndi mmodzi mwa akuluakulu amene anayendetsa ntchito yosindikizayo, ndinamudandaulira mwaulemu. Iye anaseka, nandigwira paphewa, nati: "Achimwene, musadzivute ndi tinthu tating'ono. Bola uthenga wafika." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri. Amanenedwa pa makalendala, pa makadi a nikah, pa timabuku ta ku madrassa, pa zikwangwani za pamzikiti, ngakhale pa magazini athu omwe. Ndalemba nkhani ino kuti ndiwatsutse, pakuti uthenga umene munthu walephera kuuwerenga sunafike kwa iye, wathera pa makina. Amene adzamve kuwawa powerenga andikhululukire, wakutsina khutu ndi mnansi.

Tiyambe ndi pepala la bambo lija. Chimene chimakongola pa kompyuta sichikongola chimodzimodzi pa pepala, chifukwa galasi la kompyuta limawala lokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'nyumba, ndipo m'nyumba zambiri za kunyanja kuno kuwala kwa m'bandakucha ndi tochi, kandulo kapena foni. Makina osindikiza zamitundumitundu amagwiritsa ntchito inki zinayi, yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, ndipo iliyonse imadindidwa payokha. Chilembo choyera pamwamba pa chithunzi sichilembedwa ndi inki yoyera. Ndi kampata kamene inki zinayi zonsezo zakasiya. Imodzi ikangophonya malo ake pang'ono chabe, imalowa m'kampatako, ndipo 3 amaoneka ngati 8, 5 amafanana ndi 6. Wosindikiza aliyense wodziwa ntchito yake amadziwa zimenezi. Manambala akuda pa pepala loyera, otalikirana bwino, okhala ndi mzere wolekanitsa tsiku ndi linzake, akanawerengeka ndi aliyense ndipo akanatsika mtengo. Tinalipira ndalama zambiri kuti tigule chinthu choipirapo.

Diso la munthu likafika pa tsamba limathamangira chachikulu. Choncho amene akusankha kukula kwa zilembo akuweruza mlandu wa chimene chili chofunika kuposa chinzake, kaya akudziwa kapena ayi. Pa pepala lija dzina la wolipira linapambana, ndipo dzina la dera limene nthawizo zinawerengedwera linabisika pansi penipeni, pafupi ndi nambala ya foni ya wosindikiza. Komatu dzina la dera ndiwo mutu wa nkhani yonse. Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Mangochi ili kum'mawa kwa Lilongwe ndi digiri imodzi ndi theka, kutanthauza kuti kumacha ku Mangochi mphindi pafupifupi 6 kusanache ku Lilongwe. Munthu wa ku Mangochi wotsata pepala la ku Lilongwe akhoza kumadyabe nthawi itadutsa, ndipo wa ku Nkhotakota wotsata pepala la ku Mangochi akhoza kumasula dzuwa lisanalowe kwawo. Mapepalawa amayenda ndi abale pa minibasi kuchokera boma lina kupita lina. Kodi zilembo zazikulu zinayenera dzina la sitolo kapena dzina la dera?

Choipitsitsa ndi chimene tikuchita ndi zilembo za Chiarabu. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, chili ndi zilembo 28, ndipo zambiri mwa izo zimagwirana n'kusintha maonekedwe malinga ndi malo amene zakhala m'liwu, koyamba, pakati kapena kumapeto. Pulogalamu ya kompyuta imene sinakonzedwe kuti ilandire Chiarabu imadula zilembozo, chilichonse pachokha, n'kuziyala chafutambuyo kuyambira kumanzere. Ndinalandirapo khadi la nikah limene dua yake inatuluka chomwecho, yoduka ndi yotembenuka, itazunguliridwa ndi maluwa agolide. Makadiwo anagawidwa m'midzi itatu. Mnyamata wa pamakina sindimuimba mlandu. Mwina sanapondepo pa madrassa, ndipo kwa iye zilembozo zinali zokongoletsera ngati maluwa aja. Mlandu ndi wathu, ife amene timapereka ntchito n'kubwerera kunyumba osapempha kuona chitsanzo makina asanayambe kudinda, osaitana ngakhale mwana mmodzi wa ku madrassa kuti aone. Safunsa anadya phula.

Tiganizenso za dontho. Zilembo ba, ta ndi tha thupi lake ndi limodzi, chimazilekanitsa ndi madontho. N'chimodzimodzi jim, ha ndi kha. Liwu lakuti rahim, limene timatamanda nalo Allah kuti Ngwachisoni chosatha, ndi liwu lakuti rajim, limene timatchulira Satana wotembereredwa, amasiyana ndi dontho limodzi lokha la pansi pa chilembo. Tsono onani timabuku timene ana athu akuphunzirira: fotokope ya fotokope ina, imenenso inachokera ku fotokope. Pa ulendo uliwonse madontho ena amafufutika, ena amabadwa kuchokera ku fumbi la pagalasi la makina. Mwana wa zaka 7 amaloweza chimene maso ake aona, ndipo mwalimu amatha miyezi akuzula chimene pepala linabzala tsiku limodzi. Nthawi zina amene amalandira chikwapu ndi mwanayo.

Amene anatitsogolera m'chipembedzo sankadziwa mawu akuti "bola". Misahafu yoyambirira inalibe zizindikiro za katchulidwe zimene tazizolowera lero. Chisilamu chitafika kwa anthu amene Chiarabu sichinali chiyankhulo cha amayi awo, zolakwika zinayamba kumveka powerenga, ndipo akatswiri monga Abu al-Aswad al-Du'ali ndi al-Khalil ibn Ahmad anakonza zizindikiro zothandiza wowerenga. Anavutikira anthu onga ife, Ayao ndi Achewa a m'mbali mwa nyanja, amene iwo sanatidziwe n'komwe. Pambuyo pake Ibn Muqla, nduna ya ku Baghdad imene inamwalira mu 940, anaika muyeso wa zilembo: dontho la cholembera cha bango ndilo linali poyambira, kutalika kwa alif kunayesedwa ndi madontho, ndipo zilembo zina zonse zinayesedwa ndi alif. Qur'an imene Ibn al-Bawwab analemba ndi dzanja ku Baghdad cha m'ma 1000 ikusungidwa ku Chester Beatty mumzinda wa Dublin, ndipo mpaka lero ikuwerengeka bwinobwino. Makalendala athu ena amasuluka Eid isanakwane.

Makina osindikizira atabwera, phunziro loyamba linali lowawa. Ku Venice, mu 1537 ndi 1538, banja la Paganini linasindikiza Qur'an yonse m'Chiarabu ndi zilembo zachitsulo. Inatuluka ndi zolakwika zochuluka, zilembo zofanana zitasokonezedwa, ndipo inazimiririka kotheratu mpaka mu 1987 pamene buku limodzi lokha linapezeka m'nyumba ya mabuku ya amonke mumzinda womwewo. Ku Istanbul, Ibrahim Müteferrika ataloledwa kutsegula makina ake mu 1727, chilolezocho sichinaphatikize mabuku achipembedzo. Ena amaseka kuti Asilamu anachedwa, ndipo n'zoona kuti kuchedwako kunatitayitsa zambiri. Koma nkhawa yoti wolemba ndi dzanja akalakwitsa amaononga buku limodzi pamene makina akalakwitsa amaononga mabuku zikwi sinali yopusa. N'chifukwa chake njira yodinda pogwiritsa ntchito mwala, imene Alois Senefelder anatulukira mu 1796, inalandiridwa bwino m'maiko ambiri a Chisilamu, pakuti inkasunga dzanja la katswiri monga momwe analembera. Ndipo Qur'an imene inasindikizidwa ku Cairo mu 1924, m'nthawi ya Mfumu Fuad, inadutsa m'manja mwa gulu la akatswiri amene anaunika chilembo ndi chizindikiro chilichonse isanatuluke.

Amene akuyesa kuti kayalidwe ka tsamba ndi zachibwana atsegule Msahafu wa ku Madinah umene uli m'nyumba mwake. Malo osindikizira a Mfumu Fahd anatsegulidwa mu 1984, ndipo zilembo za Msahafuwo analemba ndi dzanja Uthman Taha, mbadwa ya ku Syria. Uli ndi masamba 604, mizere 15 pa tsamba, ndipo unayalidwa mwakuti tsamba limatha pamene ayah yathera, juzu iliyonse n'kutenga masamba pafupifupi 20. Funsani hafiz aliyense akuuzeni phindu lake. Iye akamawerenga pamtima amaona tsambalo m'maganizo, amadziwa kuti ayah yakuti ili kumtunda kwa tsamba la kumanja, ndipo mukamupatsa Msahafu woyalidwa mwina amayamba kupunthwa. Kuwerengera mizere kwa munthu mmodzi kwakhala ndodo ya ana osawerengeka, kuphatikizapo athu a ku Namwera ndi ku Makanjira.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Oyamba ati tilibe ndalama. Koma zimene ndikupempha pafupifupi zonse n'zaulere. Mtundu wa zilembo wotchedwa Amiri, umene Khaled Hosny anaukonza potengera zilembo za makina akale a Bulaq ku Cairo, umapezeka pa intaneti popanda kulipira. Malo osindikizira a ku Madinah aja amaperekanso zilembo zawo za pakompyuta kwaulere. Kudinda chitsanzo chimodzi kuti sheikh achione kumadya pepala limodzi. Chimene chikutithera ndalama ndi golide, kunyezimira ndi mitundu imene palibe anaipempha.

Achiwiri ati chachikulu ndi niyyah. Niyyah ili pakati pa munthu ndi Mbuye wake, ndipo sindingaiyese. Koma wowerenga saona mtima wanu, amaona pepala. Mmisiri wokhoma bwato akasiya mpata pakati pa matabwa, madzi safunsa ngati anali ndi cholinga chabwino. Msodzi amene walowa m'bwato limenelo usiku wa mwera ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene mmisiriyo sanayesere ntchito yake pagombe. Cholinga chabwino chimayenera kubala kusamala, ndipo chikapanda kutero tiyenera kuchikayikira ife eni ake.

Achitatu andikumbutsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiye tisatengeke ndi maonekedwe. Ndikuvomera ndi mtima wonse, ndipo dandaulo langa ndi lomwelo. Mkuyu wake ndi pepala lonyezimira lija. Ndi tsamba limene lili ndi mitundu isanu ya zilembo, zina zopendekera, zina zamithunzi, mwezi ndi nyenyezi pangodya iliyonse, ndime yonse italembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha ngati munthu wokuwa pamsika. Okonza masamba athu amaopa malo opanda kanthu ngati mlimi woona munda wogonera, ndiye amadzaza paliponse. Komatu mpata pa tsamba uli ngati kupuma kwa wowerenga Qur'an. Amene amathamanga osaima pa zizindikiro zoimira amatopetsa omvera ndipo amasokoneza tanthauzo. Mitundu iwiri ya zilembo imakwana pa magazini yonse, umodzi wa mitu, wina wa nkhani.

Tsopano za zithunzi. Ma ulama amasiyana maganizo pa nkhani yojambula zamoyo, ndipo mtsutso umenewo ndikuusiya m'manja mwawo. Mawu anga akupita kwa amene anasankha kale kusindikiza zithunzi. Pali chithunzi chimodzi chimene chimabwera chaka ndi chaka, m'Ramadhan, pa nyama ya Qurbani, ndiponso madzi akasefukira. Wopereka waimirira, wavala zoyera, akuyang'ana kamera. Wolandira ndi mayi wachikulire, wakhala pansi, thumba la ufa lili pamiyendo, ndipo wojambula wamujambula kuchokera pamwamba moti akuoneka wochepa kuposa mmene alili. Pansi pa chithunzi dzina la woperekayo lalembedwa lonse ndi maudindo ake, pamene mayiyo akutchedwa "mmodzi mwa opindula". Kodi anafunsidwa? Ndipo munthu wanjala, thumba lili patsogolo pake, angakane bwanji? Woperekayo amabwerera kutauni tsiku lomwelo, koma mayiyo amatsala m'mudzi momwe magaziniyo idzafike, momwe apongozi ake adzaione, momwe anzake a mdzukulu wake adzaitengere kusukulu. Chipembedzo chathu chimayamikira sadaka yobisika chifukwa imasunga nkhope ya wolandira. Ife tikumupatsa ufa wa milungu iwiri n'kumulanda ulemu umene wausunga moyo wake wonse.

Ati opereka thandizo amafuna umboni. Umboni ulipo wambiri: jambulani mjigo ukutulutsa madzi, jambulani matumba ali m'galimoto, lembani chiwerengero cha mabanja ndi mayina a midzi. Ngati nkhope ikufunikadi, pemphani chilolezo thandizo litaperekedwa kale, munthuyo aimirire, kamera ikhale pa msinkhu wa maso ake, ndipo dzina lake lilembedwe monga la munthu wina aliyense. Timadandaula kuti m'timabuku tokopa alendo msodzi wa kunyanja amangokhala chithunzithunzi chakuda dzuwa likamalowa, wopanda dzina ndi mudzi, wongokometsera nyanja ya alendo. Nanga ife tikusiyana nawo pati? M'masamba athu mulibe mmisiri wa mabwato, mulibe amayi oyanika usipa pa thandala amene akulipirira ana sukulu, mulibe alimi a mpunga a ku Nkhotakota, mulibe mtsikana amene wakhoza mayeso a MSCE akupitanso ku madrassa madzulo. Mwana amene amaona anthu akwawo akungolandira m'chithunzi chilichonse amakula akuyesa kuti ndiwo malo ake.

Ngakhale amene timafuna kuwalemekeza timawachita chipongwe mosadziwa. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa, pamene makina amafuna madontho pafupifupi 300 pa inchi kuti nkhope ituluke yosalala. Tikachikuza mokakamiza chimasweka, ndipo tikachikoka m'mbali kuti chidzaze malo, sheikh amene anali wowonda moyo wake wonse amatuluka wotupa masaya pa tsamba lomukumbukira.

Pali funso lina limene wokonza tsamba ayenera kudzifunsa asanaike ayah pa pepala: kodi pepalali likathera kuti? Pitani pamsika uliwonse wa m'mbali mwa nyanja muone zimene akukulungira usipa ndi mandasi. Ine ndinagulapo nsomba zokulungidwa m'tsamba la kalendala limene linali ndi ayah, mafuta atalowerera m'zilembo. Mayi wogulitsayo sindikanamukalipira. Anatola pepala loti latayidwa, ndipo mwina Chiarabu sachidziwa. Amene anasankha kuika mawu a Allah pa tsamba lothothola mwezi ukatha, kapena pa kapepala koitanira anthu ku msonkhano wa tsiku limodzi, ndi amene anawatumiza kumsikako. Pa mapepala osakhalitsa n'kokwanira kulemba tanthauzo m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'kutchula dzina la surah ndi nambala ya ayah. Ndipo bokosi losungiramo mapepala akale a Chiarabu pakhomo la mzikiti silingasaukitse komiti iliyonse.

Ziyankhulo zathu nazonso zikulira. Kachizindikiro ka m'mwamba kakagwa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya m'tchire. Pa tsamba limodzi mumapeza Swala, Swalah, Salah ndi Sala, ngati kuti ndi mapemphero anayi osiyana, ndipo mwana amene akuphunzira kuwerenga sadziwa chotsata. Pa zikwangwani zambiri Chingerezi chimakhala pamwamba m'zilembo zonenepa, Chichewa n'kupanikizidwa pansi, Chiyao osaoneka n'komwe, chikhalirecho owerenga ake ndi anthu a pamudzi pomwepo. Magazini iliyonse ndi komiti iliyonse ikhale pansi kamodzi, igwirizane kalembedwe ka mawu a chipembedzo amene amabwerabwera, iwalembe pa tsamba limodzi, ndipo wosindikiza apatsidwe tsambalo.

Pempho langa kwa makomiti a mizikiti, eni madrassa, akonzi a magazini ndi mabanja okonzekera nikah ndi ili. Musalole makina kudinda musanaone chitsanzo pa pepala lenileni, pakuti cha pafoni chimanyenga. Chilichonse chokhala ndi Chiarabu chiwerengedwe mokweza ndi anthu awiri odziwa, chala chili pa mzere. Dzina la wolipira likhale pansi, ndipo iye akakana mumuuze mwaulemu kuti mphoto imene akuifuna siyesedwa ndi kukula kwa zilembo. Ntchito iyambike mwezi wa Sha'ban usanafike, chifukwa zolakwika zambiri zimabadwa usiku wothamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za bambo anga zinatha motere. Tsiku lotsatira ndinatenga katoni ya sopo, ndinaitambasula, ndinajambula mizere ndi rula, ndipo ndinakopera nthawi ziwiri zokha, ya Fajr ndi ya Maghrib, m'manambala akuda aakulu ngati chala, dzina la boma lathu lili pamwamba. Tinaikhoma pafupi ndi chitseko. Pasanathe mlungu anansi atatu anabwera kudzakopera, ndipo pepala lonyezimira lija ana analipinda kukhala kabwato. Chaka chino, amene mudzapatsidwe ntchito yosindikiza, tengani chitsanzo chanu mupite nacho kwa mkulu wokalamba kuposa onse amene amaima pa safu yoyamba, mum'patse m'bandakucha ali ndi tochi yake yomwe ija, ndipo muime pambali osamuthandiza. Akawerenga yekha nthawi ya tsiku limenelo, kauzeni wosindikiza ayambe ntchito.